Dona, Mkazi Mnzanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Wabweretsa galu. Osati sopo, osati matewera. Galu.

Wamkazi, wakuda, makutu chilili, nthiti zoonekera patali. Wa kukampani ya alonda kumene amagwira ntchito. Dzina akuti Dona. Akuti mabwana amupatsa kuti azikhala naye kunyumba, amuzolowere, amuphunzitse. Zimenezo akauze ana. Nkhani yake ndi ya Lachisanu: ndinachedwa kusikelo, miyendo itatupa, ndinakwera njinga yamoto. Anandiona ndikutsika nditagwira phewa la mwini njinga. Mimba yonseyi ndikanatsika bwanji? Mlomo wanga sunapolebe.

Mwamuna wanga anzake amamutcha Sajeni. Usilikali sanaulowepo, anamubweza poyeza. Pamaso pake ndimati "inu bambo". Muno ndizilemba "iye", pepala silimenya.

Dongosolo latsopano. M'mawa anditungira zidebe ziwiri pampopi, alowetsa m'nyumba. China chopanda kanthu, cha manyazi, poti chimbudzi chili panja. Atuluka, amasula galu, akhoma geti ndi loko, kiyi pa lamba. Ine m'nyumba, Dona pabwalo. Pamwamba pa mpanda mabotolo osweka. Foni anaiponda kalekale.

"Chitseko sindikukhomera, ukafuna tuluka." Anatero akumanga zingwe za jombo.

Mwezi wachisanu ndi chitatu. Mwana akumenya mateche ngati nayenso wamva.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndayesa. Ndinangotsegula pang'ono, mpata wa diso. Sanauwe n'komwe. Ndinangomva chitseko chikundibwerera, thupi lake lonse, mano pa thabwa. Ndinagwera pampando. Mkodzo wokha kutsika. Ndakhala nditagwira mimba mpaka mwana atasuntha.

Ndilembe zimene anesi ananena kusikelo, ndisadzati ndinalota. Mwana wagona chopingasa. Anandigwiritsa ndi dzanja langa lomwe, mutu uku, matako uku. Akapanda kutembenuka njira ndi imodzi, opaleshoni. Akuti ndisadikire matenda ayambe, ndikagonere kuchipatala mwezi wamawa usanafike pakati. Magazinso achepa. Chiwindi, mazira, masamba.

Iye ndinamuuza atadya, munthu wanjala sumuyamba ndi nkhani. Anaseka. Akuti kuchipatala kuli amuna ovala zoyera, ntchito yawo kupisa manja mwa akazi a eni. Akuti mayi ake anabereka asanu ndi awiri pansi m'chipinda, ndiwo adzandichiritsa pompano. Ndinafunsa kuti amoyo ndi angati. Mbale inandipeza pakhutu. Atatu. Yankho ndimalidziwa, pakamwa pangapa ndi pomwe sipamva.

Zimene zilipo: matewera odula ku nsalu yakale ya pabedi, kachipewa, beseni long'aluka. Zosowa: zonse. Makina anga osokera anagulitsa, ndalama yake sindinaimve ndi fungo lomwe. Ndikusoka ndi singano ngati wophunzira.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Anthu kutchalitchi, kwathu kuno sukulu ya galu. Ndaonerera pawindo la kukhitchini.

Kwabwera mnzake wa kuntchito, Chigamba, wamtali, wosowa chala chimodzi. Ntchito yake kulumidwa. Amavala chimkono cha masaka ndi zidutswa za tayala, kuyambira paphewa mpaka kuzala. Sajeni aima, Dona pambali pake. Chigamba abwera ndodo m'manja. Akuyandikira, galu chete. Akutukwana, galu chete. Ndodo ikangokwera m'mwamba, basi. Kunyamuka kwake sindinakuone. Ndinangoona ali lende pamkono, akupukusa mutu, munthu wamkulu akugwada. Mpaka Sajeni atanena kuti "Siya". Liwu limodzi, nsagwada n'kutseguka.

Abwereza, abwereza. Akachedwa kusiya, payipi. Yomweyo yakuda ya kuseri kwa chitseko, imene ine ndimaidziwa kukoma kwake. Ndiye tilipo awiri pakhomo pano. Mkazi mnzanga.

Atatha anakhala pakhonde ndi mowa, iye akuphunzitsa dziko lonse. Galu wa ulonda amadya m'dzanja limodzi. Njala ndiyo imanola mano, wokhuta amagona. Mawu awa ndawasunga: "Galu sadziwa chikondi, amadziwa dzanja lomudyetsa. Dzanja limenelo ndiye amalifera."

Amamupatsa kakudya kamodzi patsiku, masiku ena ayi.

Chigamba anandiona pawindo, anati alamu muli bwanji. Ndinachoka pawindopo. Mano anga ndikuwafunabe.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Apongozi. Anabwera nawo yekha m'mawa galu atamumanga, n'kudzawatenga madzulo. Tsiku lonse ine ndi iwo.

Andibweretsera lezala latsopano ndi ulusi wa mchombo. Mphatso ya mdzukulu. Anandigoneka pansi, akuti mwana wopingasa amatembenuzidwa ndi manja, za mpeni ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Anakanda mimba yanga ngati akuchapa bulangeti. Ndinaluma nsalu. Nditayamba kuona chidima ndinawakankha, anakagunda kabati. Sindinapepese. Mwana sanatembenuke, anangoti zii mpaka madzulo, ine mtima uli m'mwamba. Kenako kachigongono pansi pa nthiti. Ndinalira.

Ndinawaonetsa msana. Anauyang'ana ngati akusankha tomato pamsika. Kenako anatsegula pakamwa kundionetsa pamene panali mano awiri, ntchito ya malemu amuna awo. Satifiketi yawo. "Banja ndi kupirira, mwananga. Mwamuna wosamenya ali ndi kwina."

Ndinafunsa, nanga matenda akayamba masana iye ali kuntchito? Akuti mimba yoyamba imatenga tsiku lonse, adzandipeza.

Ndikanakhala ndi mayi. Achemwali ali kutali, akudziwa kuti ndili bwino, poti ndi zimene iye amawauza pafoni yake.

Loweruka, 16 Ogasiti

Chidebe cha manyazi chinadzaza asanabwere. Mimba ikamakula mkodzo sudikira. M'nyumba monse fungo. Anati ndine nkhumba, anakachitaya atatseka mphuno.

Munthu yemweyu ankabwera kushopu kumene ndinkasoka, batani atalidula yekha kuti apeze chifukwa. Ankandiperekeza mvula ikugwa, ambulera ali kwa ine. Azimayi a pashopu ankati ndatola, mlonda adzandisunga. Wandisungadi.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Maganizo oipa sabata yonse. Mankhwala a makoswe ali pamwamba pa kabati. Ndinawatsitsa, ndinawayang'ana. Ndinaganiza za galu. Ndisaname, ndinaganizanso za tiyi wa munthu. Ndawabwezera. Kundende mwana angabadwirenso pansi.

Komanso sizikanatheka. Ndinayesa kaye ndi buledi wabwinobwino, kuponya pawindo. Ananunkhiza n'kubwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Fupa chimodzimodzi. Nthiti zili panja koma ayi. Buledi anatola mbalame, fupa ndinalikoka ndi tsache.

Mayi a mapasa, a kuseri kwa mpanda, ndiwo andimasulira. Amakwera pampando n'kusuzumira pakati pa mabotolo, ine pawindo, timayankhulana motsitsa mawu. Akuti amamuona Chigamba akuponya nyama kuchokera kunja, yothira tsabola ndi zina zowawa, mpaka galu anaphunzira kuti chakudya chopanda fungo la mbuye wake ndi moto. Kuopa akuba a poizoni.

Amuna awo amawotcherera zitsulo, sowo ali nayo, loko angadule. Koma galu? Komanso Sajeni? Akuti akanene kupolisi. Ndawaletsa. Chaka chatha apolisi anabwera, iye anawalandira ndi tiyi, ine ndinati ndinagwa m'bafa. Atapita ndinagwadi.

Loweruka, 23 Ogasiti

Diso lamanzere silikutseguka, ndilemba mokhota.

Mlandu: ndinapempha diresi. Lomaliza londikwana linali lobiriwira lija, zipi sakutsekanso. Anafunsa kuti ndikufuna kutchenera ndani m'nyumba muno, wanjinga? Analigwira pakhosi n'kuling'amba mpaka pansi. Kenako payipi. Ndaphunzira kugwada choyang'ana kukhoma, manja pamimba, msana ndiwo ulipire. Panja Dona akuuwa, akukanda chitseko, sindikudziwa amathandiza ndani.

Atatopa anandiponyera malaya ake akale a yunifomu, otuwa aja a manja aatali. Osachapa, sopo akuti wakwera mtengo. "Vala awa, uzinunkha mwamuna wako." Thukuta, fodya, galu. Ndinasanza. Koma akundikwana, mimba yonse yalowa.

Lero m'mawa wandigulira mazira ndi chiwindi. Amatero akamenya. Akuti ndidye, mwana wake asabadwe wofooka. Mwana wake.

Mwanawe, ukadzafanana naye nkhope ndidzakukonda ndithu. Koma manja utenge anga.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Kutentha. Malata akuchita kulira. Mbale ya madzi ya Dona anaiponda ndi jombo potuluka, inagubuduzika, sanacheuke. Pofika masana galu ali gone pansi pa windo langa pomwe pali kamthunzi, lilime panja, thovu kukamwa. Ndinati ufe, chilombo iwe, undipeputsire ntchito. Ndinakhala pansi kupinda thewera. Kupuma kwake kumamveka kudutsa khoma. Mwananso akugunda. Ndinalephera.

Kapoto ka madzi, mkono kudutsa pazitsulo za windo. Ndinatseka maso, ndinatsanzikana ndi zala zanga. Anadzuka, kulira kwa pakhosi kuja. Kenako mphuno pa nsalu ya malaya. Ananunkhiza nthawi yaitali, kuyambira pabatani mpaka pachigongono. Ndiye ndinamva lilime m'madzi.

Anamaliza. Ndinadzazanso, anamalizanso.

Ndinakhala pansi, kuseka ndekha ngati wamisala. Malaya. Anandiveka yekha ndi manja ake.

Lolemba, 1 Sepitembala

Dzira laliwisi m'dzanja, dzanja m'kati mwa mkono wa malaya. Walandira. Linali Lachinayi. Lachisanu dziranso, lero chiwindi. Chiwindi cha magazi anga. Ndikaimirira msanga ndimaona mdima, m'zikope mwayera ngati pepala, ndikudziwa. Koma magazi ochuluka m'nyumba yokhoma ndi a chiyani? Timagawana, kwina Dona kwina ife awiri.

Lero ndinapinda mkono wa malaya, dzanja lili lokha. Ananyambita zala.

Ndimamuyankhula. Ndamuuza za makina anga, za achemwali, za mwana wopingasa. Amapendeketsa mutu. Mkazi mnzangayu amamvetsera kuposa mwamuna wathu. Chipsera chake chili pamphuno, changa pachibwano, payipi imodzi.

Ndayesanso mawu a ntchito. Khala, wakhala. Gona, wagona. Akakhala sadzuka mpaka umuuze kuti pita. Ine ndimayesa pamafunika ndevu.

Madzulo iye akafika ndimakhala kutali ndi windo. Mchira wa Dona ungandiulule.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Ndatuluka.

Chitseko, khonde, dothi. Dzuwa pankhope. Anabwera chothamanga, ndinati basi ndapita. Anaika mphuno pamimba. Mwana anamenya teche pomwepo, galu n'kudumphira m'mbuyo makutu chilili. Ndinaseka mpaka misozi.

Ndapita kuchimbudzi ngati munthu. Ndachapa matewera pampopi, ndayanika, ndaanula asanafike, ndasesa mapazi anga pabwalo ndikuyenda chafutambuyo. Geti ndinaligwira. Pakabowo loko akuoneka panja, wamkulu ngati chibakera.

Mayi a mapasa atandiona pabwalo galu ali pambali panga anatsala pang'ono kugwa pampando. Tapangana. Ine ndigwira Dona, amuna awo adula loko, mlamu wawo wa takisi adikira pamsewu. Ndinati mawa. Akuti bambo a mapasa ali kutali, akuwotcherera mageti a eni, abwera sabata yamawa. Ndawapatsa nambala ya achemwali, imeneyo sanaiponde, ili m'mutu.

Chikwama ndalongedza, chili pansi pa bedi kuseri kwa jombo zake zakale. Matewera, kachipewa, nsalu ziwiri, khadi la kusikelo, kasopo komwe ndakhala ndikubisa. Lezala la apongozi lili m'thumba la malaya. Si la mchombo.

Lamlungu, 7 Sepitembala

Waona. Anamusisita Dona m'nthiti asanayambe sukulu yawo, dzanja n'kuima. Nthiti zabisala, ubweya ukuwala. Anayang'ana kumpanda, anayang'ana kuwindo. Ine maso pa mbale.

Chigamba anati mwina akugwira makoswe. Mulungu amubwezere chala chake.

Kenako maphunziro. Ndodo m'mwamba, Dona pamkono, mwamphamvu kuposa kale, Chigamba mpaka chagada. Siya. Osasiya. Siya. Diso la Dona lili kuwindo kwanga. Anasiya mochedwa.

Zotsatira zake sindikufuna kulemba koma ndilemba. Anamumangirira kumpopi ndi unyolo waufupi. Payipi mpaka inang'ambika kunsonga, kenako jombo. Poyamba galu anangoti duu, kenako anayamba kulira ngati mwana wa munthu. Chigamba anayesa kuleretsa, analandira chibakera, anatola chimkono chake n'kumapita. Magazi pa simenti ya pampopi. Ine ndili chilili kukhitchini, mpeni wa anyezi m'manja, sindikudziwa ndinautola nthawi yanji.

Atatha anapita kwa a mapasa. Ndinamva geti lawo likugundidwa. Akuti wodyetsa galu wake adzamudyetsa mabotolo a pampandawo. Ana kulira.

Ine sanandiganizire n'komwe. Akuti mkazi wamantha, woti anadzikodzera ataona mano. Kunyozedwa nthawi zina kumapulumutsa.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Walamula kuti Dona asadye sabata yonse, akumbukire mwini wake. Mwini wakeyo akumukumbukira ndithu. Ndamutsuka mabala ndi madzi a mchere, mutu uli pamwendo panga. Khutu limodzi lang'ambika. Mpunga ndi dzira. Akutsimphina koma akuyenda.

Bambo a mapasa abwerera m'mbuyo. Akuti ali ndi ana, sangafere za eni. Sindikuwada. Ayi, ndikuwada pang'ono. Mayi a mapasa akuti sowo aba okha, adula okha, Lolemba amuna onse akapita kuntchito. Chibadwire sanadulepo chitsulo. Awaimbira achemwali, akuti achemwaliwo analira, akufunafuna ndalama ya basi.

Dzulo msana unagwira, mimba kuuma gwaa, kenako kusiya. Timadontho pa kabudula wamkati. Mutu udakali kumbali, ndikuumva ndi dzanja. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mwanawe, dikira Lolemba, usatengere bambo ako kupupuluma.

Apongozi akubwera Lachitatu kudzakhaliratu mpaka ndichire. Ndiye ndi Lolemba kapena manda.

Lamlungu, 14 Sepitembala

Sukulu kulibe, Chigamba wakana kubwera. Iye tsiku lonse pakhonde, akudula payipi yatsopano. Anaiyesa pa mtengo wa papaya, masamba kugwa. Dona kumapeto kwa unyolo, akumuyang'ana osaphethira.

Ndaphika, ndagwada, ndamusambitsa m'manja. Anati masiku ano ndasintha, ndayamba kukhala mkazi.

Ndimaganiza za ndodo ya Chigamba ikamakwera. Ndimaganiza kwambiri.

Lachinayi, 18 Sepitembala. Kuchipatala.

Wamkazi. Wamoyo. Anamutulutsa Lolemba madzulo, ndi mpeni. Cholembera ndachigwira lero. Bala likukoka, m'thupi mwanga mukuyenda magazi a munthu wina amene sindidzamudziwa.

Ndilembe za Lolemba.

Nsupa inasweka m'mawa iye atangotuluka. Madzi mpaka kumapazi. Ululu wake, payipi ndi masewera. Ndinakuwira mayi a mapasa. Anabwera ndi sowo kunja kwa geti, ine pabwalo ndi chikwama, Dona pambali panga. Sowo kulira, kulira, loko osamva. Kenako inathyoka pakati. Anathamanga kukafuna ina.

Ndiye ndinamva kiyi. Wina wa mumsewu anamuimbira, agalu a miyendo iwiri ndi ambiri. Analowa, anakhomera loko m'kati, kiyi pa lamba monga mwa masiku onse. Anandipeza nditakhala pansi, malaya ake atanyowa, phewa la Dona lili pa bondo langa. Anayang'ana galu nthawi yaitali kuposa ine. Anamuitana. Dona sanasunthe. Nkhope imene anachita, ngati wapeza mkazi wake ndi mwamuna pabedi.

Ndinati bambo, nsupa yasweka, mwana afa, nditsegulireni. Ndinagwada, ndinapempha, Mulungu ndi mboni. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi payipi yatsopano ija. Anati lero ayambira pamimba.

Akubwera, Dona chete. Akutukwana, Dona chete, thupi lokha kunjenjemera pa bondo langa. Ine ndikudziwa chotsatira. Iye, mphunzitsi mwini wake, osadziwa. Sindinamuchenjeze. Mkono unakwera.

Panalibe masaka, panalibe tayala. Phokoso lake ngati nzimbe ikuthyoka. Anagwa chagada, galu pamwamba akupukusa mutu. Magazi anafika pakhoma. Siya, siya, mawu ake onse aukali, kenako aang'ono. Anamumenya ndi chibakera chinacho, ndi bondo, Dona ngati sakumva. Ndiye anayang'ana ine. "Mayi a mwana, muuzeni asiye." Muuzeni. Chikwatirane sanandipatsepo ulemu umenewo.

Ndinakwawa. Ululu unandigwira ndisanafike, ndinadikira udutse nkhope yanga ili pafupi ndi jombo yake. Kiyi anamumangirira ku lamba ndi kachingwe kolimba, zala zanga zikuterera magazi. Lezala la apongozi linagwira ntchito. Geti, loko. Mayi a mapasa ali panja ndi sowo yatsopano, kukamwa yasa. Ndinawapatsa chikwama. Ndinatulutsa phazi, kenako linzake. Nditaima mumsewu ndiye ndinacheuka.

Anali atasiya kukuwa. Ndinati, "Dona, siya." Osakweza mawu. Anasiya. Anandiyang'ana, kukamwa kofiira, kudikira dzira. Anafuna kunditsatira, koma mumsewu munali ana. Ndinati khala. Anakhala. Takisi.

Adokotala akuti kadzanja kanali katayamba kale kutsogola. Akuti tikanachedwa pang'ono kukanakhala maliro awiri.

Loweruka, 20 Sepitembala

Achemwali afika, akugona pansi pambali pa bedi langa. Pondisintha zovala anaona msana. Anatuluka panja, anabwera maso ali psuu. Anesi anaitana wapolisi wamkazi, wajambula msana, chibwano, zonse. Ulendo uno sindinagwe m'bafa.

Iye ali muno momwemo, kuwodi ya amuna, kumapeto kwa khonde lalitali. Mkono audula pachigongono. Wamanja, wa payipi. Ndafufuza chisoni mumtima mwanga, ndapeza kochepa, kokwana pa supuni ya tiyi.

Apongozi anabwera ndi nthochi. Akuti mwana wawo wandikhululukira. Akuti ndibwerere, asowa womumangira mabatani. Achemwali anawaperekeza mpaka pakhomo la wodi, nthochi zinawatsatira m'mwamba.

Za Dona andiuza mayi a mapasa. Sindinafunse msanga, ndimaopa. Anthu atalowa kudzanyamula Sajeni anamupeza pomwe ndinamusiya. Atakhala. Geti lili chitsegukire tsiku lonse, msewu uli apo, akanatha kuthawa. Sanasunthe. A kukampani anabwera chakumadzulo ndi mfuti, galu woluma mphunzitsi wake sasungidwa. Akuti sanauwe, maso anali kugeti. Ndinamuuza kuti khala, n'kupita osamumasula. Ndikanangoti pita.

Ndalira mpaka ulusi wa pabala kukoka, anesi kundikalipira. Mayi wa bedi loyandikana akuti mwamuna wadulidwa mkono osalira, galu ndiye ulire? Iwo sanagawane naye chiwindi.

Akatitulutsa tipita kwa achemwali. Akuti pafupi ndi kwawo pali telala wosowa womuthandiza. Ya matewera sindikudziwa ichokera kuti. Dzina la mwana sindinalipezebe.

Wadzuka. Manja ndi anga, ndawayang'anitsitsa. Nsagwada sindikudziwa watengera ndani. Wagwira bere, nsonga yang'ambika kale, zikupweteka mpaka kumsana. Anesi akuti ndimulowetse chala m'kamwa asiye. Ayi. Ameneyu sadzamva kwa ine kuti siya, sadzamva kuti khala.